Andidula madola 420 pa oda ya zitenje: kodi ife ogulitsa pa foni tili pati pa nkhani ya msonkho?

Mayi Nabanda, Mufakose:
Moni nonse abale ndi alongo a kuno ku Harare, Zimbabwe. Ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa tulo sabata yonseyi, ndipo ndikupempha amene mukuidziwa bwino kuti mundiunikire. Ambiri mukudziwa kuti kwa zaka zitatu tsopano ndakhala ndikugulitsa zitenje, mpunga wa Kilombero ndi masamba a tiyi ochokera kumudzi, koma ndilibe shopu kapena benchi pamsika. Katundu ndimamuyala pamphasa pakhonde dzuwa lisanakwere kuti mitundu ya nsalu ioneke bwino, ndimajambula, ndiye zithunzizo ndimaika pa WhatsApp ndi pa Facebook. Wofuna amandilembera, amatumiza ndalama pa foni kudzera pa EcoCash kapena kupereka madola a ku America pamanja, kenako mwana wanga amakwera kombi kukasiya katunduyo mutauni.

Mwezi watha kampani ina inaona zithunzizo ndipo inaitanitsa zitenje 140 zoti antchito ake asoketse zovala za pamwambo wawo, chilichonse pa madola 10. Oda yaikulu chonchi ndinali ndisanailandirepo, moti ndinakatenga ndalama za chipereganyu kuti mpamba ukwane. Nditapereka katundu, mayi wa ku ofesi yolipira anandifunsa pepala lotchedwa ITF 263. Ndinamuuza zoona kuti ndilibe, ndipo dzinalo ndinali kulimva koyamba. Anandiyankha mwaulemu kuti popeza ndilibe pepalalo, lamulo likuwakakamiza kudula 30 peresenti. M'banki munalowa madola 980 m'malo mwa 1,400. Kodi zimenezi n'zololedwa? Nanga madola 420 aja apita basi? Ine ndimaganiza kuti msonkho ndi wa anthu a mashopu ndi makampani, osati ife ogulitsira pa foni.

Bambo Mbewe, Kambuzuma:
Pepani kwambiri Mayi Nabanda, chifukwa ndalama imeneyo pa bizinesi ngati yanu si yochepa. Ine ntchito yanga ndi yosunga mabuku a ndalama a mabizinesi ang'onoang'ono, ndipo nkhani yanuyi ndakumana nayo kangapo. Ndiyambe ndi mbali yowawa: kampaniyo sinakubereni. Lamulo la msonkho la kuno ku Zimbabwe limati bizinesi yolembetsedwa ikamalipira munthu amene waigulitsa katundu kapena waigwirira ntchito, ndipo ndalamazo zikafika madola 1,000 m'chaka, iyenera kuona chikalata chosonyeza kuti munthuyo alibe vuto ndi ZIMRA, bungwe la boma lotolera misonkho. Chikalatacho ndiye ITF 263. Chikasowa, kampani imadula n'kukapereka ku ZIMRA. Kale ankadula 10 peresenti, koma kuyambira Januwale 2022 anakweza kufika pa 30. Kampani ikapanda kudula, ndalamazo imadzalipira yokha, n'chifukwa chake sachita chibwana pa nkhani imeneyi.

Mbali yabwino ndi yakuti ndalama zimenezo sizinatayike. Zimawerengedwa ngati msonkho umene mwalipiratu, ndipo mukalembetsa n'kupereka lipoti la ndalama zanu la pachaka, amachotsera pa msonkho umene mukuyenera kulipira. Zikaposa, muli ndi ufulu wopempha kuti akubwezereni zotsalazo. Chinthu choyamba kuchita mawa lomwe ndi kubwerera ku kampaniyo kukapempha chikalata chosonyeza kuti anadula ndalama zingati, tsiku liti, ndiponso m'dzina la ndani. Popanda chikalata chimenecho mudzavutika kutsimikizira kuti madola 420 aja ndi anu.

Pa funso lanu lomaliza, lamulo silifunsa kuti mumagulitsira pati. Limafunsa ngati mumagula katundu n'cholinga chogulitsanso kuti mupeze phindu. Kaya katunduyo ali pashelefu ku Eastgate, pabenchi ku Mbare Musika kapena pamphasa ya pakhonde panu, akangogulitsidwa mobwerezabwereza imeneyo ndi bizinesi, ndipo phindu lake limakhomedwa msonkho.

Tiyamike, Dzivarasekwa:
Zikomo Bambo Mbewe. Ndifunse nawo, popeza safunsa anadya phula. Chaka chatha ndinagulitsa firiji yanga yakale ndi mipando pa Facebook Marketplace pamene tinkasamuka nyumba. Kodi pamenepanso pali msonkho? Funso lachiwiri ndi lakuti ine ndili pa ntchito ndipo mwezi uliwonse amandidula PAYE, koma madzulo ndimagulitsa mafuta odzola ndi nsapato za ana kwa anzanga pa WhatsApp. Ndimaganiza kuti popeza ndimalipira kale msonkho kuntchito, nkhani yanga inatha.

Bambo Mbewe, Kambuzuma:
Firiji ndi mipando musade nazo nkhawa, mchemwali wanga. Munazigula kuti muzigwiritsa ntchito pakhomo ndipo munagulitsa kamodzi, choncho si malonda. Koma mafuta odzola ndi nsapato ndi nkhani ina, chifukwa mumaoda kuti mugulitse. PAYE imene amakudulani imakhudza malipiro anu a kuntchito okha. Pali chinthu chimene ambiri sadziwa: gawo la malipiro limene silidulidwa msonkho, limene kwa olandira madola lakhala pa madola 100 pamwezi, ndi la anthu olembedwa ntchito. Phindu la malonda lili ndi mlingo wake umodzi, 25 peresenti kuyambira 2024, ndipo pamwamba pa msonkhowo amawonjezera 3 peresenti ya AIDS levy. Zonse pamodzi zimakwana 25.75 peresenti ya phindu. Chonde gwiritsitsani mawu akuti phindu, chifukwa si ndalama zonse zimene zalowa m'foni.

Che Jafali, Mbare:
Abale anga, ine ndilankhula mosabisa ngakhale ena sangakondwe nazo. Ndimagulitsa mafoni ndi machaja pa intaneti, ndipo ndikuona kuti msonkho tikulipira kale, tsiku ndi tsiku, kuposa mmene anthu amaganizira. Kasitomala akanditumizira ndalama pa foni, boma limadulapo. Ndikatumiza ndalama zomwezo kwa amene wandibweretsera katundu, limadulanso. Ndikagula bandulo yoti ndiikire zithunzi, muli msonkho. Katundu akamalowa pa chipata cha Beitbridge, kasitomu ilipo. Ndikalowa m'sitolo kugula shuga, VAT ilimo. Tsono lero ndipite ndekha ndi miyendo yanga kukauza a msonkho kuti ndabwera, tengani gawo limodzi mwa magawo anayi a phindu langa? Kwathu kuno madzi amatha masiku osatuluka m'mipopi, ndipo msewu wa kutsogolo kwa nyumba yanga ndi maenje okhaokha. Mayi Nabanda, maganizo anga ndi akuti madola 420 amenewo muwaiwale, ndipo ma oda a makampani muwasiye. Mukangolowa m'kaundula wawo simudzatulukamo, ndipo adzayamba kukufunsani za zaka zitatu zapitazo.

Mayi Nabanda, Mufakose:
Che Jafali, mwatchula chinthu chenichenicho chimene chikundiopsa. Ndikapita kukafuna zanga, kodi sindikadziika ndekha m'kamwa mwa ng'ona? Komanso kuiwala madola 420 sindingathe, chifukwa ndalama za chipereganyu ndiyenera kubweza pakutha pa mwezi uno, ndipo amayi anzangawo nawonso akudikira nthawi yawo yolandira.

Bambo Mbewe, Kambuzuma:
Che Jafali, zambiri zimene mwanena n'zoona ndipo sindikutsutsani. Msonkho wa potumiza ndalama, IMTT, umene nduna ya zachuma Mthuli Ncube anausintha mu Okutobala 2018 kuti ukhale masenti 2 pa dola iliyonse, unakhazikitsidwa mwanjira imeneyo makamaka pofuna kufikira anthu ochita malonda osalembetsa. Ndiye mukanena kuti wogulitsa pa foni amalipira kale kenakake, mukunena zoona. Kudandaula kwanu pa madzi ndi misewu nakonso n'komveka, ndipo nzika ili ndi ufulu wofunsa kumene ndalama za msonkho zikupita. Koma pamaso pa lamulo IMTT ndi msonkho wa kusuntha kwa ndalama, VAT ndi wa wogula, kasitomu ndi ya katundu wolowa m'dziko, ndipo palibe umodzi mwa iyi umene umalowa m'malo mwa msonkho wa phindu.

Tsopano tiyeni tiwerengere limodzi, kuti tione ngati kuiwala ndalamazo kuli kwanzeru. Mayi Nabanda, tandiuzeni mmene ndalama zinayendera pa oda imeneyi, kuyambira pogula mpaka popereka.

Mayi Nabanda, Mufakose:
Chitenje chilichonse ndinapikula pa madola 6, zonse pamodzi 840. Kunyamula ndi zolipira pachipata zinakwana 190. Bandulo, ndalama zodulidwa potumiza ndi makombi zinali pafupifupi 30.

Bambo Mbewe, Kambuzuma:
Ndiye kuti munawononga madola 1,060 ndipo phindu lanu linali 340. Msonkho wa 25 peresenti pa 340 ndi madola 85, AIDS levy ndi madola 2.55, zonse pamodzi 87.55. Onani tsono: chifukwa chosowa chikalata chimodzi anakudulani 420, ndalama yoposa phindu lonse la oda imeneyo, moti munalowa m'mpamba ndi madola 80. Mukanakhala wolembetsa mukanalandira 1,400 yonse, n'kudzalipira 87.55 pa nthawi yake. Kusiyana kwake kukuposa madola 330. Ichi n'chifukwa chake ndimauza anthu kuti 30 peresenti ija ndi chilango cha kusalembetsa, chifukwa imadulidwa pa mtengo wonse wa katundu osayang'ana kuti inu munagula pa ndalama zingati.

Ndikhale woona mtima pa mbali imene Che Jafali akuopa. Lipoti la pachaka silikhala la oda imodzi, limakhala la malonda onse a chaka kuyambira 1 Januwale mpaka 31 Disembala, ndiye mpunga ndi tiyi nazonso zidzalowamo. Za zaka zam'mbuyo akhozadi kufunsa, popeza munthu amayenera kulembetsa pasanathe masiku 30 chiyambire malonda. ZIMRA ili ndi njira yoti munthu adziulule yekha asanagwidwe, ndipo wodziulula amamuganizira pa chindapusa kusiyana ndi amene wapezeka pa kafukufuku, amene chilango chake chingafike pofanana ndi msonkho wonse umene anabisa, kuphatikizapo chiwongola dzanja. Musapite nokha m'manja muli zii. Yambani mwakonza mabuku, muwerengere kuti zaka zimenezo munapindula zingati, ndiye mudziwe kukula kwa nkhaniyo musanafike pa kauntala. Kwa bizinesi ya msinkhu wanu nthawi zambiri mantha amakhala aakulu kuposa ngongoleyo.

Anaphiri, Highfield:
Ndilowererepo pang'ono monga munthu amene ndinadutsa njira imeneyi. Ine ndimasoka madiresi ndi mayunifolomu a asukulu ndipo makasitomala ambiri amandipeza pa Facebook. Ndinalembetsa kale pa nthawi imene tinkapatsidwa nambala ya msonkho yotchedwa BP number, ndipo pamene ZIMRA inabweretsa njira yatsopano ya pa kompyuta yotchedwa TaRMS chakumapeto kwa 2023 ndinasamukira ku nambala yatsopano ya TIN. Masiku ano zambiri zimachitikira pa intaneti, pa Self Service Portal, ndipo ukasokonezeka umapita ku ofesi ya ZIMRA ku Kurima House mumsewu wa Nelson Mandela kukafunsa. Sindinama kuti n'zophweka, chifukwa tsiku loyamba ndinakhala usiku wonse ndi mwana wanga pa kompyuta, koma kulembetsako sikulipiritsidwa. Chenjerani ndi anthu oima panja amene amati akuthandizani mwachangu mukawapatsa kangachepe.

Chimene ndikufuna kutsindika ndi kope. Msonkho wa phindu umakomera munthu amene ali ndi umboni wa zimene anawononga, ndipo umapweteka amene alibe. Ine ndili ndi kope lachikuto cholimba limene limakhala pambali pa makina osokera. Tsamba lakumanzere ndimalemba zolowa, lakumanja zotuluka, ndipo mzere uliwonse uli ndi tsiku, dzina la katundu, ndalama, ndi mtundu wa ndalamazo. Malisiti ndimawabaya pa msomali umene ndinakhoma kuseri kwa chitseko, ndipo Loweruka lililonse ndimawajambula pa foni chifukwa inki ya malisiti a masiku ano imafufutika pakangopita miyezi iwiri. Ndinagulanso laini ina ya malonda yokha. Poyamba ndalama za makasitomala zinkalowa pa nambala yomweyo imene mchimwene wanga wa ku Johannesburg amatumizirapo thandizo la amayi, komanso zopereka za maliro za m'bungwe lathu, ndipo pofika kumapeto kwa chaka sindinkathanso kusiyanitsa kuti iyi ndi ya diresi, iyi ndi ya chipepeso. Munthu wa msonkho akaona ndalama yalowa amafuna kuti iweyo ufotokoze kumene yachokera.

Mayi Nabanda, Mufakose:
Achemwali Anaphiri, kope ndili nalo ndithu, koma ndimalemba m'Chichewa, mwanjira yoti ndimve ndekha. Mwachitsanzo ndimangolemba kuti "mayi a kutchalitchi, ziwiri, atsala ndi 5". Vuto lina ndi lakuti katundu wina sabwera ndi pepala lililonse. Ndimatumiza ndalama kwa mlamu wanga ku Limbe, iye amagula kumsika kumene sapereka lisiti, amapereka kwa anyamata a basi, ndipo ine ndimakalandira kudepoti ya mabasi ya Roadport n'kulipira zimene andiuza.

Bambo Mbewe, Kambuzuma:
Apa ndiye pagona nkhani, ndipo ndikhulupirira kuti ambiri pagulu pano zikuwakhudza. Lamulo limafuna kuti mabuku a bizinesi alembedwe m'Chingerezi ndipo asungidwe kwa zaka 6. Ine pandekha ndimaona kuti mfundo imeneyi inayenera kuunikidwanso, popeza malamulo oyendetsera dziko a 2013 amatchula Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka, ndipotu ndicho choyamba pa mndandandawo, koma pakali pano tiyenera kutsatira zimene zilipo. Kope lanu la Chichewa musalitaye, ndilo gwero. Mungokhala ndi lachiwiri limene mwana wanu azikoperamo m'Chingerezi chosavuta sabata iliyonse, mayina a ogula ndi manambala zikhale zokwanira.

Za katundu wopanda mapepala, ndilankhule mosapita m'mbali. Ngati katundu wadutsa pa Mwanza, n'kupyola Tete, n'kulowa pa Nyamapanda popanda kulengezedwa m'dzina lanu, mavuto ake ndi awiri. Loyamba, akhoza kulandidwa panjira kapena atafika kale. Lachiwiri, madola 190 aja simungawachotsere pa phindu ngati mulibe chosonyeza, ndipo ngakhale 840 ya kugula adzaikayikira. Mukatero mumalipira msonkho pa ndalama imene simunapindule. Mlamu wanu azipempha wogulitsa kuti alembe ngakhale kapepala ka pamanja kokhala ndi tsiku, kuchuluka kwa nsalu, mtengo ndi siginecha, ndipo inuyo muzisunga umboni wa ndalama zimene mwatumiza. Wonyamula katundu muzimuuza kuti mukufuna lisiti ya kasitomu. Ena amaganiza kuti chilolezo cha madola 200 chimene wapaulendo amalowa nacho osalipira chimakhudzanso malonda, koma chimenecho ndi cha katundu wa munthu mwini, osati wogulitsa.

Pachipata palinso msonkho wongoyerekeza, umene amautcha presumptive tax, wa 10 peresenti ya mtengo wa katundu wamalonda, umene amalipiritsa ochita malonda odutsa malire amene alibe chikalata chija cha ITF 263. Apanso wolembetsa amapulumuka.

Che Jafali, Mbare:
Masamu anu ndawamva Bambo Mbewe, ndipo pa nkhani ya Mayi Nabanda ndavomera kuti kusiya 420 n'kutaya. Koma zanga n'zosiyana. Ine makasitomala anga ndi anthu wamba, palibe amene amandifunsa chikalata. Pa foni ya madola 120 ndimapindula mwina 10 basi, chifukwa ogulitsa tachuluka ndipo wogula amayerekeza mitengo pa magulu asanu asanakulembere. Ndikayamba kulipira msonkho pamene mnzanga wogulitsa foni yomweyo salipira, ndani adzagula kwa ine?

Bambo Mbewe, Kambuzuma:
Funso limenelo ndi lolemera ndipo sindinamizira kuti ndili ndi yankho lokoma. Mpikisano pakati pa wolipira ndi wosalipira ndi wosalungama, ndipo amene amayamba kutsatira lamulo amamva kuwawa poyamba. Pa madola 10 a phindu, msonkho ndi pafupifupi 2.58, ndiye mumatsala ndi 7.42. Koma inuyo Che Jafali muli ndi nkhani ina yofunika kuiyang'anitsitsa kuposa ya Mayi Nabanda, ndiyo VAT. Kuyambira Januwale 2024 malire olembetsera VAT anatsika kuchoka pa madola 40,000 kufika pa 25,000 pa miyezi 12, ndipo malirewo amawerengera malonda onse, osati phindu. Zimenezi ndi pafupifupi madola 2,083 pamwezi. Mukamagulitsa mafoni 18 a madola 120 mwezi uliwonse, mwadutsa kale malirewo ngakhale kuti m'thumba mwanu mwatsala madola 180 okha. Wofika pamenepo amayenera kulembetsa VAT ndi kugwiritsa ntchito makina a malisiti olumikizidwa ndi ZIMRA. Ubwino wake ndi wakuti VAT imene munalipira pogula katundu mumaichotsera, koma pokhapokha muli ndi ma invoisi oyenera.

Musaganizenso kuti malonda a pa foni saoneka. Ndalama ya pamanja ilibe mapazi, koma ya pa EcoCash, InnBucks kapena ZIPIT imasiya mbiri ya tsiku, nambala ndi kuchuluka kwake, ndipo zithunzi za katundu ndi mitengo mumaziika nokha poyera. Bajeti ya 2025, imene inaperekedwa mu Novembala 2024, inatchula mwachindunji ogulitsa nsalu, zovala, zida za magalimoto, magalimoto, golosale ndi ziwiya za kukhitchini, hadiweya ndi malo ogona alendo kuti ayenera kulembetsa msonkho wa phindu. Izi zikusonyeza kumene maso a boma aloza.

Agogo a Chisale, Mabvuku:
Ana anga, mdzukulu wanga ndiye akundilembera, ine maso anafooka. Ndamvetsera zonse ndipo ndikufuna kunena za mantha amene Che Jafali ndi mwana wanga Nabanda ali nawo, chifukwa mantha amenewo sanayambe lero. Makolo athu ambiri anachoka ku Nyasaland chifukwa cha msonkho wa nyumba umene atsamunda anakhazikitsa m'zaka za m'ma 1890. Munthu wopanda ndalama ankagwira thangata pa esiteti kapena kuyenda wapansi kubwera kuno ku Salisbury, amene lero ndi Harare, kumigodi ndi kumafamu, kuti akapeze mashilingi olipirira. Bambo anga ankasunga malisiti a msonkho m'kachitini ka fodya, atakulunga m'kansalu, ndipo sankalola mwana kukagwira, chifukwa munthu wopezeka wopanda lisiti ankamangidwa. Ndiye ife tinakula tikudziwa kuti wa msonkho akafika umathawira kuphiri. Pambuyo pake tinakhalanso zaka zambiri ndi zitupa zolembedwa kuti ndife alendo, ngakhale tinabadwira kuno, ndipo tinazolowera kupewa maofesi. Ndikunena izi kuti achinyamata mumvetse chifukwa chimene makolo anu amanjenjemera akamva za kulembetsa. Koma ndifunse Bambo Mbewe: amene chitupa chake chidakali cha mtundu wakale uja, angalembetse bwanji malonda ake?

Bambo Mbewe, Kambuzuma:
Zikomo agogo chifukwa cha mawu amenewa, ndipo funso lanu ndi lofunika kwa ambiri a ife. Polembetsa amafuna nambala ya chitupa, adiresi ya kumene mukukhala, nambala ya foni, imelo ndi banki imene muzilipirira. Msonkho suyang'ana kuti ndinu nzika kapena ayi, umayang'ana kuti ndalamazo zapezeka kuchokera ku malonda a muno m'dziko. Komabe ndikulimbikitsa aliyense amene chitupa chake chidakali chakale kuti akachisinthe ku ofesi ya kalembera, chifukwa malamulo a 2013 amati munthu wobadwira muno, amene kholo lake linali nzika ya dziko la SADC monga Malawi, Zambia kapena Mozambique, ndipo ankakhala muno pamene malamulowo ankayamba kugwira ntchito, ndi nzika mwa kubadwa. Chitupa chatsopano chimachepetsa mafunso ku banki ndi kwina konse.

Tiyamike, Dzivarasekwa:
Nanga munthu akalembetsa amalipira liti? Ndipo ena amandilipira madola, ena ZiG, ndalama ya kuno ku Zimbabwe. Ndiziwerengera bwanji?

Anaphiri, Highfield:
Ili ndiyankhe ine, chifukwa masiku amenewa ndinawalemba pakalendala ya kukhitchini. Umayerekeza phindu la chaka chonse, n'kulipira msonkho wake m'magawo anayi otchedwa QPD: 10 peresenti pofika 25 Malichi, 25 peresenti pofika 25 Juni, 30 peresenti pofika 25 Seputembala, ndi 35 peresenti pofika 20 Disembala. Kenako lipoti la chaka chonse limaperekedwa pofika 30 Epulo chaka chotsatira. Gawo la Disembala ndi limene limandivuta, chifukwa ndi lalikulu ndipo limafika pamene ndikufuna ndalama zogulira nsalu za mayunifolomu a Januwale. Ndinaphunzira kupatula kotala ya phindu la oda iliyonse tsiku lomwelo n'kuika pa akaunti ina imene sindiigwira. Ngakhale mwezi umene malonda sanayende, mapepala uyenera kupereka, chifukwa ukalumpha chikalata chako cha ITF 263 sichituluka.

Za ndalama ziwirizi, chiyambire pamene ZiG inabwera mu Epulo 2024 ndimalemba mizati iwiri m'kope, wina wa madola wina wa ZiG, ndipo sindisakaniza. Mfundo yaikulu ndi yakuti msonkho umatsatira mtundu wa ndalama imene unalandira, ndiye wolandira madola okhaokha sangayembekeze kulipira zonse mu ZiG. Kagawidwe kake kamasinthasintha ndi zilengezo za boma, choncho nthawi ya QPD ikayandikira ndimayamba ndawerenga chidziwitso chatsopano cha ZIMRA ndisanalipire.

Che Jafali, Mbare:
Nkhani ya VAT ija yandikhalitsa pansi. Usiku uno ndawerenga mauthenga a ndalama a miyezi inayi yapitayi ndipo miyezi itatu mwa imeneyo ndadutsa madola 2,000. Sindinasinthe maganizo anga akuti ife ang'onoang'ono tikusenzetsedwa katundu wolemera, ndipo ndidzapitiriza kunena zimenezo kulikonse. Koma Bambo Mbewe, ngati mungapeze mpata ndikufuna tikhale pansi muone manambala anga, chifukwa sindifuna kudzamva za ngongole imeneyi kuchokera kwa munthu wina.

Mayi Nabanda, Mufakose:
Ndikudziwitseni mmene zayendera. Lero m'mawa ndinabwerera ku kampani ija ndipo andipatsa chikalata chosonyeza madola 420 amene anadula, koma dzina langa analakwitsa chilembo chimodzi, ndiye ndawapempha kuti akonze kuti lifanane ndi la pachitupa, ndikachitenga Lachinayi. Amayi a chipereganyu ndawafotokozera zonse ndipo avomera kuti ndibweze theka mwezi uno, theka mwezi wamawa. Mlamu wanga ndamuimbira kuti ulendo uno asatumize nsalu popanda kapepala ka wogulitsa. Makope anga onse atatu ndawapeza, ngakhale kuti loyamba linanyowa ndi mvula ndipo masamba a miyezi iwiri sakuwerengeka.

Bambo Mbewe, Kambuzuma:
Miyezi iwiri imeneyo tidzaimanganso kuchokera ku mbiri ya EcoCash, ndiye mukapemphe sitetimenti ya nthawi imeneyo musanabwere. Loweruka likubwerali ndidzakhala kunyumba kuyambira 2 koloko masana. Mayi Nabanda mubwere ndi makope atatuwo, chitupa, chikalata cha kampani ndi mwana wanu amene azikopera m'Chingerezi. Che Jafali mubwere cha m'ma 4 ndi ma invoisi onse amene muli nawo a kumene mumaoda mafoni, ngakhale amene ali pa foni. Tiyamike, inunso ngati mukufuna bwerani ndi pepala lanu la malipiro la mwezi watha kuti tisiyanitse za kuntchito ndi za malonda. Malo ndikutumizirani aliyense payekha.